ZA KUMUNDA NDI PAKHOMO: Ndagula Lamya Yamakono ndi Kompyuta, Nazi Zimene Ndaona

Wolemba: Mlangizi wa Zaulimi

Sabata yatha tinakambirana za kaumitsidwe ka mtedza ndi kuopsa kwa chuku. Lero ndipempha kuti tiyambe tatula khasu pansi, tikambe nkhani ina. Poyamba idzaoneka ngati si ya ulimi, koma ndi ya ulimi ndithu, pakuti ikhudza thukuta lanu la chaka chonse.

Mvula yakata, chimanga chauma m'minda, soya ali pabwalo, ndipo masikelo ayamba kale kupachikidwa m'mitengo ya m'mbali mwa misewu. Posachedwa ndalama zilowa m'nyumba zambiri. Tsono paliponse pamene ndipita masiku ano funso ndi limodzi: "Alangizi, lamya yanuyo munagula zingati? Kodi ndi yabwino? Nanenso ndigule?" Afunsa anyamata, afunsa amayi a ku kalabu, ngakhale a mfumu anandiitanira pambali tsiku lina pamaliro nandifunsa zomwezo. Chifukwa chake ndaganiza kuyankha onse pamodzi muno m'nyuzi, ndipo ndinena zokhazo zimene ndaona ndi maso anga pa miyezi 9 imene ndakhala nazo zinthuzi.

M'MENE NDINAGULIRA

Kwa zaka 7 ndinali ndi lamya ya m'manja ya mabatani, imene ana amangoti foni. Inali yolimba ngati mpini wa muwanga. Inagwera m'chitsime cha kudimba kawiri, ndinaiyanika padzuwa, niyambanso kulira. Batire yake inkakhala masiku 5 osatchaja. Sindinaione cholakwa. Koma ntchito inasintha. Akuluakulu anayamba kufuna malipoti ndi zithunzi za m'minda msanga, ndipo alangizi anzanga ankatumizirana nkhani pa WhatsApp, ine n'kumazimva patapita masiku atatu ngati munthu wa kutsidya kwa mtsinje.

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha, nditagulitsa soya wa m'munda mwathu, tinakhala pakhonde ndi mayi a kunyumba. Iwo anati, "Bambo, ndalama izi tinati ndi za malata. Chinthucho mukagula chidzatibwezera chiyani?" Funso limeneli ndi limene ndifuna kuti mwamuna aliyense afunsidwe asanakwere basi. Tinawerengera pamodzi. Tinayamba tapatula za feteleza, za mbewu ndi za sukulu ya ana, ndipo zotsala ndi zimene ndinapita nazo ku Lilongwe. Lamya inadya ndalama za matumba 5 a soya a makilogalamu 50. Kompyuta yonyamula m'manja, imene amati laputopu, ndinagula yogwirapo kale ntchito kunja, ndi ndalama zimene ndinasunga pa malipiro anga kwa chaka chathunthu. Malata anadikira.

MANAMBALA ATATU A PA BOKOSI

M'masitolo a m'tauni mupeza malamya ambirimbiri: Tecno, Itel, Samsung ndi ena. Onse ndi ong'anima, ndipo mnyamata wogulitsa adzayamba kukutamirani kamera, nadzakujambulani kuti muone m'mene mwakongolera. Musatengeke nazo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mlimi ayang'ane manambala atatu olembedwa pa bokosi.

Yoyamba ndi ya batire, yolembedwa ndi zilembo za mAh. Imeneyi ili ngati mtsuko wa madzi: ukakula, sumapita kuchitsime kawirikawiri. Yanga ndi ya 5000, ndipo ndikaisamala imandifikitsa tsiku lachiwiri madzulo. Kwa ife a kumudzi nambala imeneyi iposa zina zonse.

Yachiwiri ndi nkhokwe yosungiramo zithunzi ndi mauthenga, yolembedwa ndi zilembo za GB. Yanga ndi ya 64, ndipo yandikwanira. Ya 16 imadzaza msanga, niyamba kukana chilichonse.

Yachitatu amati RAM. Imeneyi ili ngati mphasa yopetera: ikachepa, ntchito imachedwa ngakhale nkhokwe ikhale yaikulu. Pano chenjerani, pakuti mabokosi ena amalemba manambala awiri ophatikiza, monga 4+4. Yeniyeni ndi yoyambayo. Yachiwiriyo ndi malo obwereka ku nkhokwe, ndipo sathamanga ngati enieniwo.

Musanapereke ndalama chitani ichi: dinani *#06# pa lamyayo. Padzatuluka nambala ya malembo 15 imene amati IMEI, ndiyo chizindikiro chake, monga m'mene ng'ombe imakhalira ndi chizindikiro pakhutu. Ifanane ndi yolembedwa pa bokosi. Ilembeni m'kope la kunyumba, ndipo lisiti mulisunge pamodzi ndi khadi la kusikelo la mwana. Lamya yotsika mtengo modabwitsa, yogulitsidwa pa depoti popanda bokosi, kawirikawiri imakhala yakuba, ndipo apolisi akaitsata amapeza inu.

YANDIYEZERA MINDA

Tsopano ndinene zabwino zake. Chachikulu chimene chandikondweretsa si WhatsApp ayi, koma kuyeza munda. Lamya zamakono zimamva zizindikiro zochokera ku makina oyenda mumlengalenga, ndipo zimadziwa pamene munthu waima. Amati GPS. Ukayenda nayo kuzungulira malire a munda, imakuuza kukula kwake, ngakhale pamalo popanda netiweki.

Mwezi wa Okutobala ndinayenda ndi mkulu wina m'munda mwake. Iye ankadziwa kuti munda wake ndi maekala 2, pakuti atate ake anamuuza chomwecho. Titazungulira, lamya inati ekala imodzi ndi kachigawo kamodzi ka magawo anayi. Mkuluyo anakwiya nati, "Mwana wanga, kagalasi kako n'kabodza." Tinayezanso ndi chingwe, ndipo chingwe chinavomereza lamya. Anakhala chete, kenaka anaseka nati, "Ndiye kuti zaka zonsezi aganyu ndakhala ndikuwalipira ekala ya mphepo!" Analinso kugula mbewu yochuluka, yotsala n'kumaimwaza yambiri pa phando, chimanga n'kumapikisana chokhachokha.

Mayi wina wamasiye zinamuchitikira mosiyana. Iye ankati munda wake ndi ekala imodzi, ndipo chaka ndi chaka ankathira thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa, nadandaula kuti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu. Munda wake unapezeka kuti ndi pafupi maekala 2. Fetelezayo sanali wofooka, koma ndiwo za anthu awiri ankazigawira anthu anayi. Chaka chino wabzala chimanga pa ekala imodzi yoyezedwa, kwinako wabzala mtedza ndi nandolo, ndipo amene adutsa pamunda pake aona okha kusiyana kwake.

Taonani chifukwa chake kuyeza kuli kofunika. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, ndipo hekitala imodzi ndi 10,000, ndiko kuti pafupi maekala awiri ndi theka. Mukaunga mizere motalikirana masentimita 75, n'kubzala njere imodzi pa phando masentimita 25 alionse, pa hekitala pamakhala mapesi oposa pang'ono 53,000, ndipo mbewu yofunika ndi makilogalamu 25, pa ekala 10. Malangizo onse a mbewu, feteleza ndi mankhwala amawerengedwa pa ekala kapena hekitala. Ngati simudziwa kukula kwa munda wanu, malangizowo ali ngati kusoka malaya a munthu amene simunamuone.

Koma ndichenjeze. Lamya imaphonya ndi mamita angapo. Pa munda waukulu sizivuta, koma pa bedi la nazale gwiritsani chingwe. Ndiponso musaweruze nayo milandu ya malire. Imeneyo ndi ya a mfumu, akuluakulu a pamudzi ndi a zamalo ku boma.

NTCHEMBERE ZANDONDA PA GALASI

Chachiwiri ndi chithunzi. Nonse mukumbukira m'mene mbozi ya ntchembere zandonda inatifikira m'dzinja la 2016 ndi 2017, ndi kuti mu Disembala 2017 Boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi. Kuyambira pamenepo sinachokenso. Nkhondo yake ndi ya masiku: ukaipeza ili yaing'ono umaigonjetsa, koma ikakula n'kulowa m'kati mwa nsonga ya chimanga, mankhwala savuta kuiphonya.

Dera langa lili ndi midzi yambiri, ndipo njinga ndi imodzi. Kale mlimi akaona mbozi ankatuma mwana kudzandiitana, ine n'kufika patapita sabata. Mwezi wa Januwale mlimi wachitsanzo wa kumudzi wina wakutali ananditumizira chithunzi m'mawa. Ndinachikulitsa ndi zala, ndipo ndinaona pamutu pa mboziyo chizindikiro chonga mphanda yozondoka, ndi madontho anayi akuda chakumchira oikidwa ngati ngodya za nyumba. Masamba anali ndi timawindo toonekera, ndipo m'nsonga munali zitosi zonga utuchi. Ndinamuyankha nthawi yomweyo, ndipo dzuwa lisanalowe a kalabu yonse anali atayendera minda yawo, kuphwanya mazira ndi kutola mbozi. Tsiku lina chithunzi chinandionetsa kuti si mbozi konse, koma kusowa kwa chakudya m'nthaka, ndipo mwini munda anapulumutsa ndalama zimene akanataya pa mankhwala.

Pojambula, imani pafupi, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo jambulani katatu: chirombo, tsamba, ndi munda wonse. Chithunzi cha munda chojambulidwa uli pamsewu sichithandiza munthu.

Ena andifunsa za makina oyankha mafunso. N'zoona kuti alipo. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayesa m'dziko muno makina otchedwa Ulangizi, oyankha mafunso a ulimi m'Chichewa pa WhatsApp. Mnyamata wina anandiseka nati, "Alangizi, ntchito yanu yatha." Ine ndinati makina oterewa ndi othandiza, koma sanapondepo m'munda mwako, sadziwa kuti kumunsi kwake kumadikha madzi, ndipo nthawi zina amayankha molimba mtima chinthu cholakwa. Funsani makina, inde, koma musanathire mankhwala m'munda kapena kumwetsa chiweto, funsaninso munthu.

NYENGO NDI MITENGO

Chachitatu ndi zanyengo. Nthambi ya Boma yoona za nyengo imalengeza m'mene mvula ikhalire, ndipo uthengawo umafika pa lamya msanga. Amene anaona namondwe wa Freddy m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndi chilala cha 2024 chimene chinachititsa kuti maboma 23 alengezedwe kuti ali pa ngozi, safunanso kuuzidwa kuti chenjezo ndi moyo. Komabe ulosi umanena za dera lalikulu, osati za munda wanu. Ukamva kuti mvula ikubwera, konza mbewu. Koma pobzala, kumba nthaka ndi khasu uone ngati chinyezi chalowa pansi. Ndiponso si uthenga uliwonse woyenda pa WhatsApp umene uli wa Boma. Chaka chatha uthenga wina wopanda mwini unati mvula iyamba msanga, anthu ena anabzala pa mvula ya chizimalupsa, ndipo mbewu inapserera. Mukalandira uthenga wotere, tcherani khutu ku wailesi. Ngati ndi woona, wailesi inenanso.

Chachinayi ndi mitengo ya mbewu. Chaka chilichonse Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa mlimi. Mndandanda wake ndimausunga m'lamya, ndipo venda akanena kuti mtengo wagwa, ndimaonetsa alimi. Musanakweze matumba pa ngolo, imbani kwa mbale amene ali pafupi ndi msika wina, mufunse mtengo wa kumeneko ndi ndalama zoyendera. M'lamya mulinso chowerengera masamu. Makilogalamu anu muchulukitse nokha ndi mtengo, musadikire kuti wogula akuuzeni.

Koma pano ndinene chilungamo. Kuimba, kuwerengera masamu, kulandira uthenga ndi kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, zonsezi lamya yanga yakale ya mabatani inkachita bwino lomwe. Pa ntchito zimenezi simufunika ya galasi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa pang'ono theka m'dziko muno anali kale ndi lamya ya m'manja. Ambiri a inu chida muli nacho kale m'thumba, chimangosowa kuchigwiritsa ntchito.

CHIWETO CHIMENE CHIMADYA TSIKU LILILONSE

Tsopano zowawa zake. Mtengo wa pa sitolo ndi chikole chabe, ukwati wake ndi wodula. Lamya ya galasi ndi chiweto chimene chimadya tsiku ndi tsiku, koma sichiswa ndiponso sichipereka manyowa.

Imadya moto. Kwathu kulibe magetsi, monga m'midzi yambiri. Miyezi iwiri yoyamba ndinkalipira kwa ometa tsitsi pa msika kuti anditchajire, ndipo tsiku lina ndinapeza chaja changa chasinthidwa ndi chakutha. Pambuyo pake ndinagula kasola kakang'ono. Amene afuna kugula lamya awerengere sola pamodzi, apo ayi adzakhala akuyenda mitunda kukatchaja nthawi yopalira. Ndaphunziranso kuti batire imadana ndi kutentha. Sola ikhale padzuwa, koma lamya ikhale pamthunzi. Musaiike pa malata, pafupi ndi mafuwa, kapena pansi pa pilo potchaja. Batire ikatupa, ilekeni msanga, pakuti ikhoza kuyaka, ndipo musaitaye pamoto kapena pamene ana asewera.

Imadya mayunitsi. Sabata yoyamba ndinagula bandulo ya mwezi, inatha masiku 4. Ndinaganiza kuti andibera. Mphwanga wa ku sekondale ndiye anandionetsa kuti lamya inali kukoka yokha makanema onse otumizidwa m'magulu, ndiponso kudzikonza yokha usiku. Anatseka zimenezo, nandiphunzitsa kuzimitsa intaneti ndikatha ntchito. Tsopano bandulo yomweyo imanditha mwezi. Mawu olemba amadya pang'ono, chithunzi chimadya kwambiri, koma kanema ndiye fisi.

Imasweka. Mwezi wa Disembala inagwa m'thumba la malaya ndikudumpha ngalande, galasi n'kung'aluka. Kukonzetsa kunadya pafupi thumba limodzi la soya. Mayi a kunyumba sananene kanthu, anangoyang'ana kudenga kumene kunali kudontha. Gulani chikuto cha labala ndi kagalasi kotchinjiriza tsiku lomwelo logula, ndipo m'dzinja muziiika m'kajumbo.

Imadyanso nthawi, ndipo ichi ndi choopsa koposa, pakuti sichioneka. Ndivomere kuti masabata oyamba ndinkagona pakati pa usiku ndikuonera zinthu zopanda pake, m'mawa n'kudzuka dzuwa litakwera. Mwana wanga wamkazi anandifunsa tsiku lina, "Ababa, kodi m'menemo muli ndani amene mumaseka naye?" Ndinachita manyazi. Tsopano pa nthawi ya nsima lamya imakhala pa zenera. Ndaona anyamata amphamvu atakhala pansi pa mtengo wa mango pamene pamagwira netiweki, udzu ukukula m'munda. Ndaonanso ena atataya ndalama za feteleza pa juga ya mpira, imene tsopano imalowa m'thumba la munthu popanda kugogoda.

AKUBA OSABOOLA NYUMBA

Mbava za masiku ano sizibwera ndi mpeni. Zimaimba mwaulemu. Ine ndemwe, amene ndimalangiza ena, ndinatsala pang'ono kugwa. Uthenga unabwera wonena kuti ndalandira ndalama, ndipo posakhalitsa munthu anaimba akulira kuti watumiza molakwitsa ndalama za kuchipatala za mwana wake, ndimubwezere. Chala chinali kale pa galasi. Mayi a kunyumba anati, "Bambo, yambani mwaona ngati zalowadi." Nditayang'ana, panalibe ngakhale tambala imodzi yolowa. Uthengawo unali wolemba yekha wakubayo.

Ena amaimba kuti mwapambana mphoto ya mpikisano umene simunalowe. Ena amati ndi a ku ofesi ya zaulimi, ndipo mukatumiza kangachepe dzina lanu lilowa m'kaundula wa zipangizo zotsika mtengo. Mverani bwino: dzina sililowa m'kaundula wa Boma ndi ndalama zotumiza pa lamya. Wokuuzani zimenezo ndi wakuba, kanene kwa a mfumu, kwa mlangizi kapena ku polisi.

Nambala yanu yachinsinsi ndi kiyi wa nkhokwe. Musauze munthu woimba, ngakhale anene kuti ndi wa ku kampani. Musaike chaka chanu chobadwa, pakuti chili pa chiphaso chanu. Kwa ejenti dinani nokha, ndipo werengani dzina la wolandira musanavomereze. Kuyambira 2018 nambala za lamya zimalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, kotero musalole munthu kulembetsa nambala yake pa chiphaso chanu. Akalakwa nayo, dzina lopezeka ndi lanu. Agogo amene saona bwino athandizidwe ndi munthu mmodzi wokhulupirika wa m'banja, osati aliyense wodutsa.

NANGA KOMPYUTA?

Za laputopu ndinena mwachidule, pakuti yankho lake ndi lapafupi. Kwa ine yathandiza. Kaundula wa makalabu amene ndinkalemba masiku atatu ndi cholembera ndimamaliza madzulo amodzi, ndipo ndikasintha mtengo wa feteleza pa mzere umodzi, masamu onse a phindu la mbewu amasintha okha. Tsiku lina tinakhala ndi a komiti ya kopaletivi, tinaika ndalama zonse zolowa m'munda wa soya ndi wa chimanga, pamodzi ndi ganyu ndi matumba, ndipo anthu anaona ndi maso mbewu imene inawapindulira ndi imene inangowatopetsa.

Koma yandivutitsanso. Wogulitsa anati batire imakhala maola 6, koma sifika ngakhale awiri, ndipo nditabwerera anandionetsa kuti pa lisiti sanalembepo zimenezo. Safunsa anadya phula. Ndikanaiyatsa pomwepo m'sitolo, osailumikiza ku magetsi, ndikanaona. Kasola kanga sikaikwanitsa, imafuna sola yaikulu, batire ndi makina osinthira mphamvu, motero ndimatchaja ndikapita ku ofesi. Fumbi la Okutobala limalowa m'mabowo ake, niyamba kutentha ndi kulira ngati chigayo. Pa njinga imafuna kukulungidwa ngati mazira. Tsiku lina inakana kuyaka, ndipo ndikanataya ntchito ya mwezi wonse ndikanapanda kusunga zina pa kafulashi.

Tsono ndinena mosabisa: mlimi payekha safunika laputopu. Kope la masamba 96 ndi pensulo zichita ntchito yomweyo pa munda wa maekala awiri, ndipo sizifuna kutchaja. Kopaletivi yaikulu yokhala ndi mlembi wophunzira ndi magetsi odalirika ikhoza kuganizapo. Kholo limene mwana wake wasankhidwa kupita ku koleji liyambe lafunsa kusukuluko mtundu wofunika lisanagulitse ng'ombe.

TSONO NDANI AGULE?

Malangizo anga ndi awa.

1. Yambani mwadzaza nkhokwe. Banja lisunge chimanga chofika nacho ku zokolola zina, lipatule za mbewu, feteleza ndi sukulu. Musagulitse chimanga cha chakudya, mbuzi yoswa kapena njinga chifukwa cha lamya. Amene agula mu Juni ndi ndalama za feteleza amaigulitsa mu Febuluwale pa theka la mtengo kuti agule ufa. Ndaziona kawiri chaka chino.

2. Mwamuna ndi mkazi agwirizane. Soya analima awiri, lamya isakhale ya mmodzi. Amayi ndiwo amakhala m'munda masiku ambiri, ndipo ndiwo amayamba kuona mbozi. Aphunzire kujambula ndi kutumiza. Lamya yobisidwa m'thumba usiku ndi usana yapasula mabanja.

3. Tchulani ntchito zitatu zimene mudzachita nayo zimene ya mabatani singathe. Mukalephera kutchula, sungani ndalama zanu.

4. Yesani netiweki pakhomo panu ndi lamya ya mnzanu musanagule. Midzi ina ya m'zigwa mawu amamveka koma zithunzi sizidutsa.

5. Ganizani zogula pagulu. Mutu umodzi susenza denga. Kalabu ya anthu 20 ikhoza kusonkha, n'kugula lamya imodzi ndi sola, n'kuisungitsa kwa mlimi wachitsanzo, ndi malamulo olembedwa onena wolipira mayunitsi ndi wokonzetsa ikasweka. Imodziyo iyeza minda yonse, ijambula mbozi za onse, ndipo sola iunikiranso ana powerenga.

Mwina mufunsa ngati mayi a kunyumba anayankhidwa funso lawo lija. Sabata yatha tinakhalanso pakhonde ndi kope. Tinapeza kuti maulendo a ku boma okapereka malipoti achepa, ndipo soya wathu chaka chino tidzagulitsa tikudziwa mtengo. Tinapezanso galasi losweka, mabandulo ndi denga lodontha. Iwo anatseka kope nati, "Yabweza theka. Theka linalo tiona chaka chamawa, koma malata chaka chino ndiwo ayambe." Ndavomera, ndipo soya akagulitsidwa ulendo woyamba ndi wa ku sitolo ya malata.

Amene afuna kuti munda wake uyezedwe asanayambe kusosa, auze mlimi wachitsanzo wa m'mudzi mwake kapena mlangizi wa dera lake. Nthawi yabwino ndi ino, pamene minda ili poyera. Amene ali ndi mafunso alembere kwa Mkonzi, ndipo tidzayankha muno. Sabata yamawa tidzakambirana za kuteteza chimanga ku anankafumbwe, ndi kusiyana kwa matumba otseka mpweya ndi mankhwala a ufa.

Tsalani bwino nonse.

Ndine wanu,
Mlangizi